Hammanskraal: malire anasuntha, mtsinje sunasunthe

PRETORIA – Mabasi ochokera ku Blantyre, Lilongwe ndi Harare akawoloka mlatho wa Beitbridge n'kutsata msewu wa N1 kulowera kumwera, amadutsa m'dera lina la tchire la mitengo yaminga patatsala makilomita pafupifupi 50 kuti alowe mu Pretoria. Ndi apaulendo ochepa amene amacheuka. Derali ndi Hammanskraal, ndipo pa mapu a boma ndi gawo la mzinda wa Tshwane, mzinda womwewo umene muli nyumba za boma za Union Buildings ndi maofesi a akazembe a mayiko oposa 100. Koma kuno mbuzi ndi ng'ombe zimadya msipu m'mbali mwa misewu yafumbi, mafumu akadali ndi mawu pa nkhani ya malo, ndipo kwa zaka pafupifupi 20 madzi otuluka pampopi anali chinthu choopedwa.

Dzina la derali linamveka ponseponse mu Meyi 2023, pamene chipatala cha Jubilee chinadzaza ndi odwala kolera. Pofika mwezi wa Julayi, matendawa anali atapha anthu 47 m'dziko la South Africa, ambiri mwa iwo a m'dera limeneli. Mfumu ya mzinda panthawiyo, a Cilliers Brink, anathamangitsidwa ndi anthu okwiya atapita kuchipatalako, ndipo Pulezidenti Cyril Ramaphosa, atafika ku Temba mu Juni, anavomereza poyera kuti boma linawagwiritsa mwala anthuwo.

Nkhaniyi imakambidwa kawirikawiri ngati ya matenda, kapena ya kontirakiti imodzi yomwe inasokonekera. Zonsezo zilipo. Koma muzu wake uli pa mapu: pamene derali lakhalira, ndi momwe maboma otsatizana akhala akulidulira ndi kulilumikiza. Hammanskraal inalowetsedwa mumzinda wolemera n'cholinga choti ipindule ndi chuma chake, koma kwa nthawi yaitali chimene yakhala ikulandira mosadumphitsa kuchokera kumzindako ndi zonyansa zake.

Kumtunda ndi kunsi

Mtsinje wa Apies umayambira pa akasupe a kumwera kwa Pretoria, n'kudutsa pakati pa mzinda m'ngalande ya simenti, n'kubowola mapiri a Magaliesberg pa mpata wa Wonderboom. Ukatuluka pamenepo umatsetsereka chakumpoto, kudutsa damu la Bon Accord ndi minda ya alimi, mpaka kufika ku Temba ndi Hammanskraal, komwe dziko ndi lathyathyathya, lotentha ndi lotsika kuposa mzinda. Patsogolo pake umathira mu Pienaars, mtsinje womwe Atswana amautcha Moretele, ndipo madziwo amakathera mu Limpopo.

Pakati pa ulendowu pali Rooiwal, malo oyeretsera madzi a zonyansa za m'zimbudzi omwe anamangidwa m'zaka za m'ma 1950. Gawo lalikulu la suweji ya Pretoria limafikira kumeneko, ndipo zotuluka zake zimathiridwa mu Apies. Kunsi kwake kuli damu la Leeuwkraal, komwe malo oyeretsera madzi akumwa a Temba amatunga. Dongosolo lotere silachilendo, pakuti mizinda yambiri padziko imamwa madzi amene adutsa kale m'mizinda ina. Limayenda bwino pokhapokha ngati wa kumtunda akugwira ntchito yake. Rooiwal inasiya kutero kalekale. Mzinda unakula, nyumba zatsopano zinalumikizidwa ku mapaipi, koma malowo sanakulitsidwe mofanana ndipo makina ake sanasamalidwe. Zonyansa zosayeretsedwa mokwanira zinayamba kulowa mumtsinje, ndipo makina a ku Temba, ngakhale anawonjezeredwa mphamvu m'zaka za m'ma 2010, sanapangidwe kuti azisandutsa suweji kukhala madzi akumwa.

Chopweteka n'chakuti eni zonyansazo samwa nawo. Gawo lalikulu la Pretoria limalandira madzi kuchokera ku bungwe la Rand Water, lomwe limatunga mumtsinje wa Vaal, wothandizidwa ndi madamu a m'mapiri a Lesotho. Wokhala pakati pa mzinda amamwa madzi ochokera kutali kumwera, n'kutaya ake kumpoto, ndipo Rooiwal ikalephera iye samva kanthu, ngakhale fungo. Akale anati madzi saiwala khwawa. Khwawa la Pretoria limathera pakhomo pa anthu a Hammanskraal.

Dzina limodzi, mbiri zambiri

Hammanskraal ndi mawu a Chiafrikaans otanthauza khola la Hamman, mzungu woweta ng'ombe amene akuti anamanga khola pamalopo potchinjiriza ziweto zake ku mikango. Mikangoyo inatha, kenako inabwezedwa: kum'mawa kwa N1 kuli nkhalango ya nyama ya Dinokeng, yomwe inatsegulidwa mu 2011, komwe alendo amalipira kuti akaione.

Masiku ano dzinali limaphimba malo ambiri osiyana mbiri. Pali Temba, tauni yomwe boma la azungu linakhazikitsa m'zaka za m'ma 1940 kuti anthu akuda azikhala kutali ndi mizinda koma pafupi mokwanira kuti aziigwirira ntchito. Pali midzi ya mafumu monga Majaneng, Marokolong ndi Ramotse, ya Amandebele a banja la Kekana omwe anakhazikika kumeneko kalekale. Pali Suurman, Sekampaneng, New Eersterust ndi Stinkwater, dzina lomwe tanthauzo lake ndi madzi onunkha. Ndipo pali Kanana, Mandela Village ndi Kekana Gardens, komwe nyumba zinamera mothamanga ulamuliro wa tsankho ukutha ndi pambuyo pake.

Mu Disembala 1977, boma la tsankho linapereka "ufulu" ku Bophuthatswana, dziko lazigamba lomwe palibe wina kunja kwa South Africa analivomereza. Malire ake anadutsa pakati pa derali. Temba ndi midzi yoyandikana nayo inagwera m'boma la Moretele pansi pa a Lucas Mangope, omwe likulu lawo linali ku Mmabatho, makilomita mazanamazana kumadzulo, pamene katauni ka pa siteshoni ya njanji ndi mafamu a azungu zinatsala mu Transvaal. Dziko latsopanolo linali la Atswana, chonsecho anthu ambiri a kuno anali Amandebele, Apedi ndi Atsonga. Mfumukazi Esther Kekana ya ku Majaneng itakana kugonjera ulamulirowo m'zaka za m'ma 1970, inachotsedwa pampando.

Ntchito zinalipo ku Babelegi, dera la mafakitale lomwe linakopa makampani ndi thandizo la boma komanso malipiro otsika. Thandizolo litatha m'zaka za m'ma 1990, mafakitale ambiri anatseka. Anthu sanasamuke, anangoyamba kudzuka m'bandakucha kukakwera mabasi ndi maminibasi opita ku Pretoria.

Kodi anthuwa alipo angati? Yankho limadalira amene akuwerenga. Kalembera wa 2011 anapeza anthu oposa 21,000 pamalo otchedwa Hammanskraal ndi oposa 58,000 ku Temba, ndipo midzi ina inawerengedwa payokhapayokha. Kuiphatikiza yonse yomwe yakhala ikudalira madzi a Temba, chiwerengero chimakwera kufika pa anthu zikwi mazana angapo, kutanthauza mzinda weniweni ukanakhala m'dziko lina la m'chigawo chino. Koma palibe khonsolo yotchedwa Hammanskraal, palibe mfumu ya mzinda wake, palibenso bajeti yolembedwa dzina lake. Dera lomwe limawerengedwa m'zidutswa limaoneka laling'ono pa tebulo pogawira ndalama.

Ndipo likukula. Anthu a mu Tshwane anali 2.9 miliyoni mu 2011. Pa kalembera wa 2022 anali atapitirira 4 miliyoni. Wobwera kumene amene sangakwanitse lendi ya m'tauni amalowera kumalire, komwe poloti imapezeka mosavuta kudzera kwa anthu olankhula m'dzina la mfumu, nthawi zina pa malo amene khonsolo ikuti ndi ake. Nyumba imayamba kumangidwa, mapaipi n'kumadzaganiziridwa pambuyo. Mu Meyi 2016 kusamvana kwa maulamuliro awiriwa kunakhetsa mwazi: antchito awiri a gulu lomwe linatumidwa kukagwetsa zisakasa m'derali anaphedwa pa zipolowe zomwe zinabuka.

Mwini wake ndani?

Bophuthatswana itathetsedwa mu Epulo 1994, malire sanafafanizike, anangosintha dzina. Temba inapita ku chigawo cha North West, katauni ka Hammanskraal ku Gauteng. Mu Disembala 2000 makhonsolo 13 anaphatikizidwa kukhala mzinda wa Tshwane, womwe unatambalala kudutsa malire a zigawo ziwirizi. Zotsatira zake, munthu wa ku Temba ankayang'ana ku Pretoria pa nkhani ya madzi ndi zinyalala, koma ku Mafikeng pa nkhani ya sukulu ndi chipatala. Kusintha kwa malamulo oyendetsera dziko kwa 2005, komwe kunayamba kugwira ntchito pa chisankho cha makhansala cha Malichi 2006, kunathetsa makhonsolo a miyendo iwiri otere, ndipo Temba inalowa mu Gauteng. Abale awo a ku Makapanstad ndi Mathibestad, mtunda wochepa chabe, anatsala mu North West pansi pa khonsolo ya Moretele. Mu 2011 Tshwane inamezanso madera a Cullinan ndi Bronkhorstspruit, n'kukhala mzinda wa malo oposa masikweya kilomita 6,000, wodzaza ndi mafamu, midzi ndi tchire.

Ganizo lophatikiza linali labwino, ndipo n'kulakwa kulinyoza. Omenyera ufulu ankafuna mzinda umodzi wokhala ndi thumba limodzi la misonkho, kuti ndalama za m'madera olemera zikamange madera amene tsankho linawamana. Magetsi, nyumba za boma ndi misewu ya phula zinafikadi m'madera ambiri a kumpoto. Koma thumba limodzi silitanthauza mawu ofanana. Tshwane ili ndi mawodi 107 ndi makhansala 214, ndipo mawodi a Hammanskraal ndi ochepa chabe mwa amenewo. Mzindawu unagawidwa m'zigawo zisanu ndi ziwiri zoyendetsera ntchito. Hammanskraal ili m'chigawo chachiwiri pamodzi ndi madera a anthu opeza bwino monga Montana, Sinoville ndi Doornpoort. Zigawozi ndi za maofesi chabe, zopanda khonsolo yosankhidwa ndi anthu. Chiganizo chokonza Rooiwal chimapangidwa pakati pa mzinda, ndi anthu omwe ambiri mwa iwo ovota awo samwa madzi a Apies.

Pamwamba pa izi pali kugawikana kwa udindo. Ndime 27 ya malamulo oyendetsera dziko imati aliyense ali ndi ufulu wopeza madzi okwanira. Lamulo la 1997 limaika ntchito yopereka madzi ndi kuchotsa zonyansa m'manja mwa khonsolo. Mtsinje weniweniwo ndi wa unduna wa za madzi, womwe umapereka ziphaso ndi kulanga oipitsa. Bungwe la Magalies Water, lomwe limagulitsa madzi m'madera oyandikana, limayankha kwa nduna. Chipatala ndi cha boma la chigawo cha Gauteng. Mafumu amaloledwa kukhala nawo pa misonkhano ya khonsolo koma savota. Mutu umodzi susenza denga, n'zoona, koma mitu yambiri yosagwirizana nayo siliimika. Unduna unalembera khonsolo makalata ochenjeza kangapo mpaka kuitengera kukhoti, koma madzi a mu Apies sanasinthe mtundu.

Palibe chipani chimene chingasambe m'manja. ANC inalamulira Tshwane kuyambira 2000 mpaka 2016, nthawi yomwe Rooiwal inayamba kuola. Migwirizano yotsogozedwa ndi DA inatenga mzindawu kuyambira 2016 mpaka 2024, nthawi yomwe zinthu zinafika posauzana. Pakati pa 2016 ndi 2024 mzindawu unasankha mafumu asanu ndi imodzi: a Solly Msimanga, a Stevens Mokgalapa, a Randall Williams, a Murunwa Makwarela omwe sanathe ndi mwezi umodzi womwe, a Brink, ndi a Nasiphi Moya a chipani cha ActionSA omwe anasankhidwa mu Okutobala 2024. Mu Malichi 2020 boma la Gauteng linathetsa khonsolo yonse n'kuika oyang'anira ake, mpaka makhoti anagamula kuti linaphwanya lamulo. Kukulitsa malo ngati Rooiwal kumafuna zaka zambiri za ndondomeko imodzi. Mzindawu unkasintha utsogoleri ndondomekoyo isanaume inki.

Mu Ogasiti 2019, bungwe loona za ufulu wachibadwidwe la South African Human Rights Commission linalengeza kuti madzi a ku Hammanskraal ndi osayenera kumwa, potsatira kuyeza kwa akatswiri a CSIR. Chaka chomwecho khonsolo inapereka kontirakiti yoposa R290 miliyoni yokonza Rooiwal kwa makampani atatu ogwirizana, awiri mwa iwo okhudzana ndi a Edwin Sodi. Kontirakitiyo inathetsedwa mu 2022 ntchito isanathe, ndipo mu 2023 Pulezidenti analamula nthambi yofufuza ya Special Investigating Unit kuti iunike momwe inaperekedwera. Kumapeto kwa chaka chomwecho ofesi ya Public Protector inapeza kuti khonsolo inalephera udindo wake kwa anthu a derali.

M'zaka zonsezi anthu ankadikira galimoto zonyamula madzi, akuluakulu ndi ana atandanda ndi zidebe m'mbali mwa msewu. Amene ali ndi ndalama ankagula madzi a m'mabotolo; amene alibe ankawiritsa a pampopi, kapena kumwa choncho galimoto ikachedwa. Njira yomwe inayamba ngati yongoyembekezera inasanduka bizinesi yaikulu ya eni galimoto, ndipo bizinesi yotere ilibe chifukwa chofunira kuti mipope iyambe kutulutsa madzi abwino.

Kachilombo ndi mtsinje

Owerenga a ku Malawi adzakumbukira kuti dziko lawo linatchulidwa pa nkhaniyi. Odwala kolera oyamba kupezeka mu South Africa mu Febuluwale 2023 anali amayi awiri apachibale a ku Johannesburg omwe anali atangobwera kumene kumaliro ku Malawi, komwe mliri womwe unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700. Koma panadutsa miyezi itatu kuti matendawa abuke ku Hammanskraal, ndipo kafukufuku wa bungwe la Water Research Commission sanathe kuloza gwero lenileni la mliri wa m'derali. Khonsolo nayo inanena kuti m'madzi a pampopi omwe inayeza simunapezeke kachilombo ka kolera.

Ena anatenga zimenezi ngati kuyeretsedwa kwa khonsolo. Sizitero. Kachilombo kangathe kuwoloka malire pa basi tsiku lililonse, ndipo mu 2023 kanapezeka m'malo angapo a dzikoli. Komwe kanapha anthu ambiri ndi komwe mabanja ankasunga madzi m'zidebe kwa masiku, kugula kwa ogulitsa osadziwika ndi kusamba m'manja mopimira. Kuloza chala mlendo n'kosavuta kuposa kufotokoza chifukwa chimene dera la mu likulu la dziko linakhalira nkhuni zouma zodikira moto.

Hammanskraal siili yokha. Lipoti la boma la Green Drop la 2022 linapeza kuti malo 334 mwa 850 oyeretsera suweji a makhonsolo mu South Africa anali pachiswe. Kumpoto kwa Limpopo chithunzi n'chodziwika: Harare imamwa madzi a nyanja ya Chivero, yomwe ili kunsi kwa mzindawo ndipo imalandira suweji yake, ndipo mliri wa 2008 ndi 2009 unapha anthu oposa 4,000 mu Zimbabwe. Ku Lusaka, mliri womwe unayamba mu Okutobala 2023 unachititsa boma kusandutsa bwalo la zamasewero la Heroes kukhala chipatala ndi kuchedwetsa kutsegulira sukulu. Ku Lilongwe, anthu a ku Area 18 anamwa madzi osakanikirana ndi suweji mu 2017, ndipo m'malire a mzindawo, ku Mtandire ndi Chinsapo, funso lakuti malo amagawa ndani, mfumu kapena khonsolo, ndi lomwelo la ku Suurman. Atsogoleri a SADC anakumana mwapadera mu Febuluwale 2024 kukambirana za kolera. Kusiyana kwake n'kwakuti Tshwane ili m'chigawo cholemera kwambiri cha dziko lolemera kwambiri kumwera kwa Africa, choncho umphawi wa boma sungakhale chowiringula.

Kuzemba mtsinje

Chimene makalata, malipoti ndi makhoti zinalephera, maliro anachita m'masabata ochepa. Mu 2023 unduna wa za madzi, pansi pa a Senzo Mchunu, unagwirizana ndi khonsolo pa njira ziwiri. Yoyamba inali yoti Magalies Water iwonjezere makina pa malo ake a Klipdrift, omwe amatunga mu Pienaars osati mu Apies, m'magawo anayi otulutsa malita 12.5 miliyoni patsiku lililonse, onse pamodzi malita 50 miliyoni. Yachiwiri inali yoti khonsolo iike R450 miliyoni pa zaka zitatu kuyamba kukonza Rooiwal, ntchitoyo n'kuperekedwa m'manja mwa banki ya chitukuko ya Development Bank of Southern Africa. Ntchito yonse yokonza ndi kukulitsa malowo inayerekezedwa kuti idzadya pafupifupi R4 biliyoni.

Mu Januwale 2025, a Moya analengeza kuti madzi ochokera ku gawo loyamba la Klipdrift ndi abwino kumwa m'madera monga Mandela Village, Marokolong, Ramotse, Kekana Gardens ndi Babelegi. Kwa mabanja amenewo chinali chinthu chachikulu, ndipo pali ana amene anamwa madzi pampopi wa pakhomo pawo koyamba chibadwire. Magawo otsatira anachedwa kuposa momwe analonjezera, ndipo m'madera ena madandaulo anasintha kuchoka pa madzi oipa kupita pa mipope youma, chifukwa mapaipi akale amadontha ndipo nyumba zolumikiza mosaloledwa ndi zambiri.

N'zofunika kuona amene anagwira ntchitoyi. Makina anamanga ndi bungwe la boma lalikulu, ndipo Rooiwal inapatsidwa kwa banki. Khonsolo, yomwe lamulo limati ndiyo mwini ntchito, inazungulidwa mbali zonse ziwiri. Anthu a Hammanskraal sangadandaule nazo, pakuti iwo akufuna madzi, osati mkangano wa maofesi. Koma njirayi ndi ya pangozi, yodalira kuti nduna ili ndi chidwi, ndipo chidwi cha nduna chimatsata komwe kwagwa maliro atsopano. Ndalama zosamalira makinawo zaka zikubwerazi zidzachokabe m'thumba lomwe lija la Tshwane, pa tebulo lomwe lija la makhansala 214.

Ndipo Klipdrift imangochotsa anthu pa mtsinje; siyeretsa mtsinjewo. Alimi a m'mbali mwa Apies, omwe akhala akudandaula za madzi othirira mbewu ndi kumwetsa ziweto, sali pa mapaipi atsopanowo. Mtsinje ukadutsa Temba umapitirira chakumpoto ndi kumadzulo, n'kulowa m'midzi ya Moretele mu North West, komwe anthu savota pa chisankho cha Tshwane ndipo alibe khansala ngakhale mmodzi pa tebulo lomwe limagamula za Rooiwal.